Nyambo yopanga sidziyendetsa yokha

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhepo pa dandaulo lomwe ndakhala ndikulimva kwa achinyamata amene angoyamba kuwedza nsomba ndi nyambo zopanga, zija zapulasitiki, zamtengo ndi zachitsulo. Ambiri amati anangotaya ndalama. Wina amati nsomba za masiku ano zachenjera, wina amati anamugulitsa zinthu zabodza. Ine ndawedza ndi nyambo zoterezi zaka zoposa 20, ndipo chaka changa choyamba ndinkadandaula chimodzimodzi, choncho sindikuwaseka ayi. Chomwe chandigwiritsa cholembera ndi zomwe ndinaona mwezi wathawu nditapita kumadzi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu anabwera ndi bokosi lodzaza nyambo, zina zisanatuluke n'komwe m'mapepala ake. Tinafika m'bandakucha. Pomwe dzuwa linkayamba kutentha pamsana, ndinali nditawerenga kuti wasintha nyambo ka 11. Iliyonse ankaiponya katatu kapena kanayi, malo omwewomwewo, pakatikati pa madzi pomwe panalibe chitsa, mwala kapena udzu, kenako n'kuikoka mwaliwiro ngati pali wina akufuna kumulanda. Akaona kuti palibe chagwira, amadula chingwe n'kumanga ina. Ndinamuuza kuti, "Iwe, nyambo zakozi zakhalitsa m'manja mwako kuposa m'madzi." Iye, maso ali m'bokosi, anayankha kuti, "Malume, mtundu wake ndi umene sindinaupeze." Ndinangokumbuka za pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma, ichi chakoma.

Pafupifupi aliyense amayamba kuwedza ndi nyongolotsi, ndipo m'pomwe pamayambira vutoli. Nyongolotsi imagwira ntchito yokha. Imanunkha, imaphiriphitha, ili ndi kakomedwe kake, ndipo nsomba ikaiika m'kamwa imazindikira kuti ndi chakudya, ndiye imameza. Mwini mbedza akhoza kukhala pansi, kucheza, ngakhale kuwodzera kumene, nyambo ikumuwedzera. Munthu akazolowera zimenezi amaganiza kuti nyambo yopanga ndi nyongolotsi yodula chabe, kuti chinsinsi chili m'chinthucho. Koma kachidutswa ka pulasitiki kakangogwera m'madzi n'kusiyidwa, kamakhala chinyalala basi. Moyo wonse womwe nsomba imauona m'nyamboyo umachokera m'dzanja la woikokayo. Woyamba kumene salidziwa dzanja lake, ndipo palibe chomuuza kuti walakwitsa pati. Nsomba ikakana nyambo sibwera kudzakufotokozera chifukwa chake. Ndiye munthu amasintha chomwe akuchiona ndi maso, chomwe ndi nyamboyo, n'kusiya kakokedwe, kuya ndi malo zili momwemo.

Pali nkhani ya msodzi wina wa ku Finland, Lauri Rapala, yomwe ndimakonda kuuza aliyense wondipempha kuti ndimuphunzitse. Bamboyu anali wosauka, ankawedza pa nyanja ya Päijänne kuti adyetse banja lake. Ali m'boti ankayang'anitsitsa magulu a tinsomba ting'onoting'ono, ndipo anaona kuti nsomba yaikulu ikalowa pakati pawo simangogwira kalikonse. Imasankha kamene kakusambira mopendekeka, kamene kakutsalira m'mbuyo chifukwa kavulala. M'chaka cha 1936 anatenga mpeni n'kusema kansomba pa khungwa lopepuka lija amatsekera mabotolo, anakakulunga ndi kapepala konyezimira ka chokoleti, n'kukamata ndi mafilimu a zithunzi osungunula kuti madzi asalowe. Kanthu kosaoneka bwino n'komwe, koma kanayenda m'madzi ngati nsomba yodwala, ndipo dzina la Rapala lili pa nyambo zogulitsidwa padziko lonse mpaka lero. Chomwe iye anasema chinali kayendedwe. Mphwanga anali ndi nyambo ziwiri za dzina lomweli m'bokosi mwake, koma ankazithamangitsa ngati nsomba zamphamvu zomwe zikuthawa bwinobwino. Nsomba yolusa siwononga mphamvu zake kuthamangitsa chinthu chomwe ikuona kuti sichigwira, makamaka ngati yakhuta kapena madzi azizira.

Ndiimepo pang'ono pa kakokedweka, poti ndi pomwe ndinataya chaka changa choyamba. Munthu akagwira chokulungira chingwe, dzanja limapeza liwiro lakelake n'kukhazikika pomwepo, ndipo kawirikawiri limakhala liwiro lopitirira. Mtima ukamakwera chifukwa chosagwira kanthu, dzanja limafulumiranso osadziwa. Ine ndinachira tsiku lomwe ndinaima pamadzi osaya, oyera bwino, n'kumakoka nyambo pafupi ndi mapazi anga ndikuiyang'ana. Ndinaona kuti ndikakoka pang'onopang'ono imagwedeza mchira mwaulesi, ndikawonjezera imanjenjemera thupi lonse, ndikapitirira imagona chammbali n'kutumphukira pamwamba. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyo nyambo yanga inkayenda chogona chammbali, kutali komwe sindinkaiona. Ndinaonanso chinthu china: ndikasiya kukoka, imaima n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, mchira ukulendewera. Mwa nsomba zomwe ndavuula kuchokera nthawi imeneyo, zochuluka zinagwira pa kamphindi koimako, kapena pomwe ndinkayambiranso kukoka. Nsomba imatha kulondola nyambo mtunda wautali ili m'mbuyo, ikukayikira. Nyambo ikaima mwadzidzidzi, imaipeza ili pamphuno, ndipo imayenera kusankha. Woyamba kumene amaopa kuima, amaona ngati nsomba izindikira kuti ndi chidole.

Kuya kwa madzi ndi nkhani ina yomwe ambiri saiganizira n'komwe. Nyambo iliyonse ili ndi msinkhu wake womwe imayenda. Zija zili ndi kamlomo kapulasitiki kutsogolo zimamira malinga ndi kukula kwa kamlomoko: kakafupi kamayendetsa nyambo chapamwamba, kakatali kamaitsitsa pansi. Nyambo zooneka ngati supuni ndi zina zachitsulo zimamira zokha mukazisiya. Tsono ngati nsomba zili pansi pa mamita anayi, inu n'kumakoka nyambo theka la mita kuchokera pamwamba, mukhoza kuponya tsiku lonse pamutu pawo osagwira olo imodzi. Njira yake ndi yakale: mukaponya nyambo yomira, werengani. Zambiri zimatsika pafupifupi masentimita 30 pa sekondi, ngakhale ndi bwino kuyesa yanuyo pomwe mukuiona. Ponyani koyamba muwerenge mpaka atatu musanayambe kukoka, kenako mpaka asanu ndi mmodzi, kenako mpaka khumi, mpaka mutamva kuti yakhudza pansi. Nsomba ikagwira pa nambala ina yake, bwererani pa nambala yomweyo, chifukwa zinzake zili pamsinkhu womwewo.

Msinkhuwo susankhidwa mwachisawawa. Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi omwe ilimo. Madzi akazizira, zonse m'thupi mwake zimayenda pang'onopang'ono, imadya pang'ono ndipo siyenda mtunda kutsata chakudya. Madzi akatentha kwambiri, mpweya wabwino umachepamo, ndiye imafuna pozama, pamthunzi kapena pomwe madzi akuyenda. N'chifukwa chake m'mamawa ndi madzulo nsomba zolusa zimabwera pafupi ndi gombe, dzuwa likafika paliwombo zimabisala. Achinyamata ambiri amafika kumadzi atadzuka bwinobwino, kusamba, kudikirana, n'kuyamba kuponya nthawi yomwe nsomba zatseka kale pakamwa.

Tsono za malo. Apa ndiye ndimakangana ndi ophunzira anga onse. Nyambo yopanga imagulidwa, ndipo munthu safuna kuitaya. Akaona chitsa m'madzi, bango, miyala kapena mtengo wogwera, amazilambalala n'kuponya poyera kuti mbedza zisakodwe. Komatu nsomba yolusa ndi mlenje wobisalira. Imakhala kuseri kwa chitsacho, m'mphepete mwa udzuwo, pomwe pansi pamatsetsereka kuchoka posaya kupita pozama, pomwe madzi othamanga akukumana ndi odekha. Poyera paja, pomwe nyambo yanu ili pamtendere, nthawi zambiri palibe kanthu. Walira mvula walira matope. Ine ndasiya nyambo zambiri m'zitsa, zina ndikazikumbuka mtima umawawabe, koma nsomba zanga zazikulu zonse ndinazitulutsa malo oterowo. Ndimalangiza woyamba kuti agule nyambo zotchipa zingapo za mtundu umodzi, zomwe sangalire zikatsalira pansi, m'malo mogula imodzi yodula yomwe aziisunga ngati dzira. Palinso kamangidwe ka nyongolotsi yapulasitiki komwe nsonga ya mbedza imabisidwa m'thupi mwa nyamboyo, kuti idutse m'udzu osakola. Nyongolotsi zoterezi anaziyamba ndi Nick Creme wa ku Ohio, ku America, m'chaka cha 1949, ndipo mpaka pano ndi zina mwa nyambo zotsika mtengo zomwe zimagwira nsomba kwambiri.

Wowedza ndi nyongolotsi amakhala pansi kudikira nsomba imupeze. Wa nyambo yopanga ayenera kuyenda kukaipeza. Malo amodzi ndimawapatsa mphindi 15 kapena 20, ndikuponya mbali zonse ngati zala za dzanja lotambasula, kuyambira pafupi kenako kutali. Pakakhala zii, ndimanyamuka. Ndimayambira pafupi dala, chifukwa nsomba zambiri zimakhala pansi pa gombe lomwe mwaimapolo, ndipo mukayamba ndi kuponya kutali, chingwe chanu chimadutsa pamwamba pawo n'kuzibalalitsa.

Mphwanga anafika pamadzi akuponda mwamphamvu, bokosi n'kuliponya pamwala kuti gwa! Sankadziwa kuti phokoso limayenda m'madzi pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, pomwe mumpweya limayenda mamita 340 okha. Kuwonjezera apo, nsomba ili ndi mzere m'nthiti zonse ziwiri, kuchokera kumutu mpaka kumchira, womwe umamva kugwedezeka kwa madzi ngakhale kochepetsetsa. Mzere umenewu ndi umene umaithandiza kupeza nyambo yanu m'madzi ovunduka kapena usiku, ndipo ndi womwewo umene umaiuza kuti pagombe pafika chinthu cholemera. Chithunzithunzi cha munthu chikagwera pamadzi, nayonso ndi nkhani yomweyo.

Chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi kumva kuti nsomba yagwira. Anthu amayembekezera kuti ndodo ipindika, chingwe chilira. Zimachitika, koma si kawirikawiri. Nsomba yolusa ngati ija yotchedwa bass imayamwa nyambo pamodzi ndi madzi, n'kuilavula m'kanthawi kochepa ikamva kuti ndi youma ndiponso yopanda kakomedwe. Zonse zomwe zimafika kudzanja ndi kakugunda kamodzi, ngati wina wakhudza chingwe ndi chala. Nthawi zina simumva kanthu, mumangoona chingwe chikuyenda chammbali, kapena nyambo yomwe imalemera yapepuka mwadzidzidzi chifukwa nsomba yainyamula ikubwera kwa inu. Ndinaima kumbuyo kwa mphwanga n'kuona chingwe chake chikudumpha kawiri nyambo ikumira. Iye ankayang'ana mbalame. Ndikukhulupirira kuti oyamba ambiri omwe amati palibe chinagwira tsiku lonse, nsomba zinawagwirira kangapo, iwo osadziwa. Chingwe chikhale chokungika pang'ono nthawi zonse, maso akhale pomwe chikulowera m'madzi, ndipo mukakayikira, kokani. Kukoka pachabe sikulipiritsa.

Koma pa nyambo zoyandama pamwamba zimatembenuka. Nsomba ikaphulika pansi pa nyambo kuti khuvu, thupi lonse limadzidzimuka, dzanja n'kutsomphola lokha, nyambo n'kuuluka kudutsa kukhutu kwanu nsomba isanatseke pakamwa. Pamenepo muyenera kudikira mpaka mutamva kulemera kwake. Zaka zonsezi, ine ndimalakwitsabe zimenezi ndikakhala kuti ndatha nthawi osapita kumadzi.

Za zipangizo sindichulukitsa, koma zitatu izi zandilanditsa nsomba ndi manja anga. Choyamba mfundo. Nsomba yaikulu yoyamba yomwe inandigwirira nyambo yopanga inapita nayo, ndipo nditakoka chingwe ndinapeza kumapeto kwake kuli kopotana ngati mchira wa nkhumba. Chingwe chikaduka chimaduka mowongoka. Chikapotana chotero ndiye kuti mfundo yanu yamasuka, mlandu ndi wanu. Phunzirani mfundo imodzi yodalirika, monga ya Palomar, muziinyowetsa ndi malovu musanaikunge kuti chingwe chisapse ndi kukhuzana. Chachiwiri mbedza zobuntha. Ikani nsonga pa chikhadabo n'kuikoka pang'ono. Ikatsetsereka osakanda, inoleni, ngakhale itakhala yatsopano. Chachitatu ndi drag, kaja kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Oyamba amaimanga mpaka kumapeto poopa kuti nsomba ithawa, ndiye chingwe chimaduka pa kukoka koyamba. Iyenera kuyamba kulola chingwe mphamvu ikafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yomwe chingwecho chimadukira. Ndiwonjezerepo kuti chingwe chonenepa kwambiri chimapha kayendedwe ka nyambo yaing'ono, chimailepheretsa kumira mokwanira, ndipo m'madzi oyera nsomba imachiona. Ndiponso nyambo zozungulira zimapota chingwe mpaka chimangana ngati chisa, mukapanda kuika patsogolo pake swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira chingwe ndi nyambo.

Nanga mtundu, womwe mphwanga ankaufunafuna uja? Uli ndi gawo lake, koma ndi laling'ono kuposa momwe mashelefu a m'masitolo amationetsera. Utoto wowala uja umayamba wakopa maso a mwini chikwama. Madzi amameza kuwala, ndipo mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzimirira nyambo ikangotsika mamita ochepa, pomwe wobiriwira ndi wabuluu umafika pansi kwambiri. Choncho nyambo yofiira bwino m'manja mwanu, pozama imangooneka yakuda. Ine ndimayendera lamulo losavuta: madzi oyera, nyambo yofanana ndi tinsomba ta m'madzimo, madzi ovunduka, nyambo yakuda bii, yowala kwambiri kapena yochita phokoso. Kukula kwa nyambo ndiye kofunika kuposa mtundu. Yang'anani tinsomba tomwe tikuthawathawa m'mphepete, musankhe yofanana nato msinkhu. Oyamba amakonda zazikulu poganiza kuti zibweretsa nsomba zazikulu, pomwe yaing'ono ikanawapatsa nsomba zambiri zophunzirirapo.

Kuti ndisakhale wokondera, aja amati nsomba zachenjera sakunama kwathunthu. Katswiri wina wa ku Netherlands, J. J. Beukema, anafalitsa m'chaka cha 1970 zomwe anapeza atayesa nsomba zolusa zotchedwa pike m'dziwe. Anaona kuti pike yomwe yakodwapo kamodzi ndi nyambo yachitsulo yozungulira inkavuta kwambiri kuikolanso ndi nyambo yomweyo, koma nsomba yamoyo ikaikidwa pambedza inkagwirabe mobwerezabwereza. Tsono taganizani komwe woyamba kumene amapita. Amapita malo osavuta kufikako, pomwe aliyense amaima, n'kuponya nyambo yotchuka yomwe aliyense amaponya. Akukumana ndi nsomba zomwe zinaphunzira kale, iye asanaphunzire. Kungoyenda mphindi khumi kupitirira pomwe njira yathera kumasintha zinthu.

Sindinenanso kuti nyambo yopanga imaposa yamoyo nthawi zonse. Bass yomwe George Perry anagwira ku Georgia, ku America, mu 1932, yolemera makilogalamu 10 ndi pang'ono, anaikola ndi nyambo yopanga, ndipo mbiri yoti ndiyo bass yolemera kwambiri yovomerezeka padziko lonse inakhala zaka 77 popanda woifikira. Yemwe anadzafanana naye mu 2009, Manabu Kurita, pa nyanja ya Biwa ku Japan, anagwiritsa ntchito nsomba yamoyo. Masiku ena, makamaka madzi akazizira kwambiri, nyongolotsi imapambana, ndipo munthu wofuna kubwerera kunyumba ndi nsomba asachite manyazi kuitenga. Chomwe ndimakana ndi chizolowezi chonyamula zonse ziwiri pophunzira. Ukakhala ndi chitini cha nyongolotsi pambali, nyambo yopanga umaipatsa theka la ola, n'kubwerera ku zomwe unazolowera, kenako n'kumauza anthu kuti unayesa koma sizigwira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, ndinamulanda mphwanga bokosi lija n'kuliika m'chikwama changa. Ndinamusiyira nyambo imodzi, kansomba kamtengo kotalika ngati chala chapakati, kamsana wakuda ndi mimba yoyera. Anakwiya. "Malume, imeneyi ndaiyesa kale m'mawa." Ndinamuuza kuti anainyowetsa chabe. Ndinamuimika pamadzi osaya kuti aione ikuyenda, ndinamumangitsa mfundo katatu mpaka inakhala bwino, kenako tinayenda kukafika pomwe mtengo unagwera m'madzi, nthambi zake zikuonekera pang'ono. Kuponya koyamba kunapita kutali ndi mtengowo, poti ankaopabe. Kwachiwiri nyambo inakola nthambi, tinavutika kuikolola. Anaponyanso mwina ka 30, ine ndili duu kumbuyo kwake, ndikungomukumbutsa kuti achepetse dzanja.

Nsombayo inagwira iye atasiya kukoka kuti aphe udzudzu womwe unamuluma pakhosi. Nyambo inaima m'mbali mwa nthambi, chingwe chinagwedezeka, ndipo ulendo uno anachiona. Sinali yaikulu, inakwana m'dzanja limodzi ndi theka. Ali m'kati moikolola, manja akunjenjemera, anandifunsa ngati mtundu wakuda ndi woyera ndi umene nsomba zimakonda. Ndinamufunsa kuti dzanja lake linali kuti pomwe nsombayo inkagwira. Anakhala chete, n'kudzigwira pakhosi pomwe panali udzudzu paja.

Bokosi lake likadali kwanga. Tinagwirizana kuti ndimubwezera akagwira nsomba khumi ndi nyambo imodziyo, ndipo dzulo ananditumizira uthenga kuti wafika pa zinayi, koma nyamboyo waisiya m'chitsa, akupempha kuti ndimutulutsire inzake yofanana nayo.

Ine wowerenga wanu,
Wowedza wa zaka zambiri